Zimene Marnie Anasiya Papepala

"Izi za mabwato ndifufuta," anatero Marnie, mtsikana wa kuyunivesite amene ankafufuza za anthu ovutika ndi kadyedwe. Tinali m'galimoto mwake padoko la Karumba, zonse zimene ndinamuuza zili papepala.

"Ufufute? Iwe mwana, mabwato asanu ndi awiri! Ndinayamba ndi ukonde wobwereka ine. Ku Tokyo ndafika, ku Lima ndafika, ku Oslo anachita kundiombera m'manja!"

"Vuto lake ndi lomwelo, a Des. Wa mabwato asanu ndi awiri muno ndaninso? Akazi anu akangowerenga mzere umodzi, akudziwani."

Ndinayang'ana panja. Antchito anga ankatsitsa nsomba, wina n'kundikwezera dzanja.

"Fufuta," ndinatero.

Cholembera chinadutsa pa mabwato, pa maulendo, ngakhale pa dzina la galu wanga. Kenako anandipatsa pepalalo, ine n'kuwerenga zimene zinatsalapo.

"Mwamuna wa zaka zopitirira makumi asanu. Akadya ndi anzake amapita kuchimbudzi, n'kutsegula mpopi kuti asamveke akusanza. Anayamba ali mnyamata."

"Alipo amene angakuzindikireni apa?" anafunsa.

Ndinaganizira mkazi wanga, ana anga, tauni yonse imene imandipatsa moni.

"Palibe," ndinatero. "Ngakhale mmodzi."