Nyanja ya M'makatoni

Katoni yachisanu ndi chiwiri inalinso yopanda kanthu. Chitemwa anaiponya pansi n'kutuluka m'galaja.

Panja, mmisiri wawo, a Nasoni, anali kuwaza madzi pa konkire imene anathira sabata yatha, kuchokera pakhomo la galaja mpaka pageti. Kupatula a m'nyumbamo, ndi iwo okha amene anapatsidwa kiyi wa galajayo, poti simenti ankasunga momwemo.

"A Nasoni, miyala yanga ili kuti?"

"Miyala iti, madamu?"

"Yoyera ija inali m'makatoni."

"Makatoni sindinawagwire ine. Ndinagwiritsa ntchito miyala ya kwale yomwe inabwera pa lole."

Chitemwa anamwaza maso pansi. Anawerama m'mphepete mwa konkireyo n'kutola kachibenthu koyera. Panali theka la nambala yolembedwa ndi penti yofiira. Ndi iye mwini amene adalemba nambalayo kale.

Ntchito yake m'boma inali yofufuza za miyala. Iyi inali ya laimu, ndipo anakaisema yekha ku Tanzania, paphiri lina la kutali ndi gombe. Kwa miyezi inayi ankakwera thanthwelo dzuwa likuswa mtengo, kudula kachidutswa pagawo lililonse n'kulembapo nambala. Mwala wa m'munsi unali wosalala ngati sopo: matope a pansi pa madzi akuya, opanda mafunde. Wapakati unadzaza ndi zigoba za nkhono zathunthu, zogona momwe zinafera. Pamwamba zigobazo zinali zophwanyikaphwanyika, umboni woti madzi anaphwera, mafunde n'kuyamba kumenya. Ukaindandalika motsatira manambala, miyalayo inkalongosola momwe nyanja ya mchere inadzera pamalopo ndi momwe inachokera, zaka mamiliyoni ambiri munthu asanaponde padziko.

Digiri yake yaukachenjede inatsamira pamenepo. Lolemba likubweralo miyalayo inayenera kutumizidwa kunja kuti akaiyeze. Mwa makatoni khumi, atatu okha ndi amene anali ndi kanthu.

"Gumulani," anatero.

"Madamu?"

"Gumulani konkire yonseyi. Ndikufuna ndione chomwe chili m'katimo."

A Nasoni anatseka mpope. Anali munthu wa imvi, wochokera ku Mitundu, wosakonda kukweza mawu. "Ntchito ya masiku asanu ndi limodzi iyi. Zaka makumi awiri ndikumanga m'ma Area muno, palibe anandinenapo kuti ndine wakuba."

"Sindinati mwaba. Wakuba amadziwa mtengo wa chomwe watenga. Inu mwatenga nyanja yathunthu n'kuisandutsa poimika galimoto."

Mwamuna wake, Felton, anatuluka m'nyumba atamva phokosolo. Anayang'ana makatoni, anayang'ana mkazi wake.

"Mayi a Lisa, bwanji tikakambirane m'nyumba?"

"Tikambirane chiyani? Inu mukudziwa kuti ndinadwala malungo kawiri kuthengo kuja chifukwa cha miyala imeneyi."

"Ndikudziwa. Koma mwina yotsalayo ingakwanire…"

"Buku mutang'ambamo masamba asanu ndi awiri mwa khumi, mungawerenge?"

Felton anabwerera pakhonde. Ndi momwe analili, Chitemwa anaganiza: wofatsa mpaka anthu kumamukwera pamutu.

A Nasoni anakatenga piki. Nkhwangwa yoyamba siipweteka mtengo, koma piki yoyamba inawapweteka iwo. Anayamba atseka maso. Konkire inang'aluka. Chitemwa anagwada pafumbi ndi kagalasi kake kokulitsa zinthu, n'kumatembenuza chibuma chilichonse. Kwale. Kwale. Kwale wotuwa wa pa lole.

Izi zinangomuwonjezera ukali. "Munaiika pansi penipeni. Pitirizani."

Alonda a nyumba zoyandikana anayamba kusuzumira pa mipata ya geti. Chitemwa anatulutsa foni, anajambula kachibenthu koyera kaja, anajambulanso a Nasoni. Analemba pa gulu la WhatsApp la anthu a mu Area 15 kuti aliyense wolemba ntchito mmisiri ameneyu aziyamba wabisa katundu wake.

"Musatumize zimenezo," anatero Felton, mawu ali pansi.

Anatumiza.

A Nasoni anamva foni ikulira m'thumba la mlonda wina kuseri kwa geti. Anamvanso kuseka. Sanacheuke. Anangoti, "Ndili ndi ntchito ina Lachiwiri ku Area 13. Mwandiphera."

"Inu mwandiphera zaka zitatu."

Pofika masana theka la konkire linali litasanduka mulu wa zibuma. Manja a mkuluyo anali atachita matuza, ena ataphulika. Chitemwa mawondo anali atanyuka, maso atafiira ndi fumbi la simenti. Sanapeze ngakhale chigoba chimodzi. Felton anali chiimire pakhonde, thukuta lili kamukamu ngati akugumula ndi iyeyo.

Kenaka geti linagogodedwa. Analowa mayi Leticia a nyumba yachitatu, atanyamula kabekete. Anali asanatsegule foni tsiku limenelo. Anadabwa ndi zibumazo, anapereka moni kwa onse, n'kulunjika pakhonde.

"Bambo a Lisa, ufa wa miyala yoyera uja mumasinjira nkhuku zanu ulipo wina? Chiyambireni kundigawira, nazo zanga zasiya kuikira mazira ofewa chigoba."

Piki ya a Nasoni inaima m'malere. Chitemwa anadzuka pang'onopang'ono n'kutembenuka. Felton anali atayamba kale kubwerera cham'mbuyo.