Tambala Wakhoza Phunziro

"Pondani mapikowo, mucheke msanga!" Ercília anakuwira mwamuna wake.

Mayi ake a Ercília, a Benvinda, ankaonerera ali pakhonde atapotoza kukamwa. Anali atapereka tambala wawo mmodzi yekhayo kuti mkamwini wawo Victorino, pulofesolo wa ku Ulongwe, adye za ulemu pa ulendo wake woyamba ku Lifidzi. Koma madzi ososolera nthenga anawira mpaka kuphwera, munthu mpeni uli m'manja akungophunzitsa.

"Taonani mamba a m'miyendomu," anatero Victorino. "Makolo a mbalame anali madinosawulo, zilombo zakalekale. Zinayamba zamera nthenga, ndiye panapita zaka mamiliyoni kuti ziphunzire kuuluka. Koma nkhukuyi inaiwala kale, ndi mbalame ya dzina lokha."

A Benvinda anatembenukira kwa mwana wawo, poti mkamwini sayankhulidwa maso ndi maso. "Uwafunse ngati nafenso tidikire zaka mamiliyoni kuti tidye."

Victorino sanamve. "M'phikomu mwabisala zala zitatu. Dikirani ndikuonetseni."

Anangochotsa phazi, tambala uja phururu! Anadutsa pamwamba pa nkhokwe, nakatera pansonga ya bulugamu, n'kulira kawiri konse mudzi wonse ukumva.

A Benvinda anadzuka, naphula mphika wa madzi uja, n'kutereka nyemba zadzulo.

"Uwauze apulofesolo kuti ntchito yawo amaidziwadi," anatero. "Tambala ameneyu zaka zitatu sanakwerepo ngakhale pamtondo. Lero phunziro limodzi lokha, wakhoza."