Hamisu Anapala Hedi ya Injini Mpaka Kuboola

Panali munthu wina ku Mzilawaingwe, mu Mzuzu momwemuno, dzina lake Hamisu. Amene anandiuza nkhaniyi amamudziwa bwino, ndiye musati ndikupeka.

Hamisu ankagulitsa nsalu mumsika, koma mtima wake wonse unali pa kagalimoto kake kofiira. Kwawo kunali ku Mangochi, kumene mayi ake ankadwala mtima chaka chachiwiri. Mlongo wake Maryamu, yemwe ankawadwazika, anamuuza mosabisa mawu: "Achimwene, tsiku limene ndidzaimbe kuti bwerani, musadzafunse zambiri. Amayi akufuna kudzakuonani asanatsinzine."

"Galimoto ilipo, usadandaule," anatero Hamisu.

Koma galimotoyo sankaipatsa mtendere. Anaitanitsa hedi yatsopano, chitsulo chovundikira pamwamba pa injini, ku Tanzania, osati ya kufakitale kwake, koma ija amati ndi ya mpikisano. Kenako anaona pa foni munthu wina wakunja, woti sadziwa ngakhale dzina lake, akupala mipita ya mpweya m'kati mwa hedi kuti ikule, injini izipuma bwino n'kumathamanga kwambiri. Basi, mutu unaima.

Ananyamula hediyo kupita nayo ku Geisha kwa a Goodwell, makaniko wachikulire amene wakhala akumasula mainjini Hamisuyo asanabadwe.

"Monire, adada. Ndikufuna mundikuzire mipitayi."

"Yewo," anatero a Goodwell. Anapinda kawaya, n'kukalowetsa mumpita umodzi, akugogoda pang'onopang'ono. "Khoma ili n'lopyapyala chomene, mwana wanga. Kuseri kwakeku kumadutsa madzi oziziritsa injini. Ndingokusalazira pamwamba, basi. Ukapala kwambiri uboola."

"Koma wa pa vidiyo uja amakuza mpaka zala ziwiri kulowa."

"Wa pa vidiyoyo akaboola amataya n'kutenga ina. Iwe uli nayo imodzi."

Hamisu anatuluka akung'ung'udza kuti madala enawa anazolowera mathirakitala. Anakabwereka kagalayindala, kamakina kopalira zitsulo, n'kukhala pakhonde pake masiku atatu akupala. Tsiku lachitatu kansonga ka galayindalayo kanangoti fwo, kulowa. Panatsala kabowo kochepa ngati njere ya mapira.

Apa ndi pamene pamandipsetsa mtima, abale. Kabowoko anakaona ndi maso ake. Akanabwerera kwa a Goodwell n'kunena kuti adada ndalakwa, akanangomukalipira tsiku limodzi nkhani n'kutha. Koma manyazi anapha lambe. Anamata ndi phala lija lomatira zitsulo, anasalaza ndi sandipepa, n'kupaka oyilo wakuda kuti pasaoneke. Kenako anapita nayo kwa a Goodwell kuti akammangire pa injini.

A Goodwell anasuzumira mumipita muja n'kupukusa mutu. "Wapala ndithu. Tisanamange tiyese kaye. Titseke mabowo onse, tiimize m'madzi, tipope mpweya. Ikatulutsa thovu ndiye kuti yabooka."

"Ndayesa kale, adada. Ili bwinobwino."

"Wayesadi?"

"Ndingakunamizeni inu?"

A Goodwell anamuyang'ana kanthawi, kenako anatenga masipanala n'kumanga.

Milungu iwiri kagalimoto kaja kanabangula m'tauni monse, anthu n'kumatembenuka. Hamisu ankati akadutsa pa galaja ya a Goodwell amaponda mafuta dala.

Lachinayi lina m'mamawa, akuchokera kumzikiti, foni inalira. Anali Maryamu. "Achimwene, bwerani."

Mkazi wake anamupempha kuti akwere basi. Anakana, amvekere basi imaima paliponse, iye pofika nthawi ya nkhomaliro akhala ali ku Mangochi. Anatsika mapiri a Kaning'ina, anadutsa Nkhata Bay, phazi lili pa mafuta. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Atayandikira minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, phala lija linatentha n'kumatuka. Kumbuyo kunatuluka utsi woyera, injini inameza madzi, inagunda kamodzi n'kuzima. Anayesa kuliza, koma ngakhale kutembenuka sinatembenuke.

Ali chiimire pamsewu, Maryamu anaimbanso. "Amayi akufunsa kuti mwafika pati."

"Uwauze kuti ndili pafupi."

Sanali pafupi. Anadikira maola awiri kuti apeze minibasi ya malo, ndipo imene anakwerayo inkaima pa sitolo iliyonse kudikira anthu. Inawatsitsa ku Nkhotakota, kumene anadikiranso ina kuti idzaze. Ali m'kati mwa yachiwiriyo, cha m'ma 2 koloko masana, foni inalira kachitatu. Atamva kulira kwa mlongo wake sanafunse chilichonse.

Anachonderera amalume ake pa foni kuti amudikire. Iwo anati, "Mwambo wathu ukuudziwa, Hamisu. Sitigoneka maliro, komanso kwatentha chonchi. Tiika dzuwa lisanalowe."

Anagona pa depoti ku Salima. Anafika kwawo m'mawa wa Lachisanu, manja ali bii ndi oyilo. Maryamu anali khale pamphasa, ndipo sanadzuke.

"Kuyambira m'mawa dzulo amayi anati tiwatembenuzire kukhomo," anatero. "Galimoto iliyonse ikamveka pamsewu ankafunsa kuti, ndi Hamisu ameneyo? Ine ndinkangoti inde amayi, ali pafupi. Mwandinamizitsa kwa mayi anga akumwalira."

Hamisu anakhala pansi pafumbi n'kulira ngati mwana. Amalume ake anamugwira dzanja kupita naye kumanda, kumene anakangopeza mulu wa dothi.

Phunziro: Munthu wodziwa ntchito akakuuza kuti apa usapitirire, mvera, chifukwa wa pa foni uja sadzabwera zinthu zikadzavuta. Ndipo ukalakwitsa ulula msanga, usamate pamwamba. Chimene wabisa chifukwa cha manyazi chidzamatuka tsiku limene sungathe kudikira. Tumizani nkhaniyi kwa madalaivala, amakaniko ndi aliyense amene makolo ake ali kutali.