Zina ndi Zina

Pepala lija linafika Lachisanu m'mawa, telala ali ndi mapini atatu pakamwa. Analibweretsa ndi mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake, yemwe anali atangomaliza maphunziro a zowerengera ndalama ndipo tsopano ankafuna kuwerengera chilichonse, ngakhale mabatani.

"Alamu, shopu yanu ya mwezi wathawu ndi imeneyi," anatero mtsikanayo. "Pamwambapa ndi zolowa, zonse zimene makasitomala analipira. Pakatipa ndi zotuluka. Mukachotsera zotuluka pa zolowa, chotsala pansipa ndiye phindu. Ndikafike kaye ku banki, ndikupezani masana."

Telala analavulira mapini aja m'dzanja. Nambala yapamwamba inamukomera, mpaka anaimba kamluzu. Atatsitsa maso pansi, kamluzu kaja kanathera panjira. Anayandikiza pepala kumaso, analitalikitsa, anapukuta magalasi ndi kansalu, koma phindu silinakule. Linali losakwanira ngakhale kugula lamba wa makina. Chonsecho munthu ankasoka kuyambira m'mawa mpaka msana kuuma.

Anayamba kutsata zotuluka ndi chala, mzere ndi mzere. Lendi, ankaidziwa. Magetsi, simbi imadya, palibe chachilendo. Ulusi, mabatani ndi mafuta a makina, zoona. Malipiro, zoonanso. Koma kumapeto kunali mzere wa mawu atatu, wooneka wofatsa: zina ndi zina. Nambala yake inaposa lendi.

Apa telala anazindikira. M'shopu muno muli khoswe.

Ndipo sanavutike kumufunafuna, pakuti m'shopumo munali makina awiri okha. Pa makina enawo pankakhala Mazipi, mnzake wa zaka zisanu ndi zinayi. Dzinali analipeza chifukwa zipi ankaisoka mwaluso, komanso pakamwa pake pankakhala potseka ngati zipi yomweyo. Anthu ofatsa ndiwo oopsa, anaganiza telala. Nanga nsapato zatsopano zili kuphazizo zinagwa kumwamba?

Pakhomo panaima mayi wogulitsa nthochi. Telala, yemwe msewu wonse unkamudziwa kuti sabweza munthu chimanjamanja, anakoka dilowa ya ndalama, n'kugula phava lonse, n'kugawira amayi awiri amene ankadikira madiresi awo. Dilowa itangolira, Mazipi anadzutsa mutu, anayang'ana, kenako anasolola kabuku m'thumba la malaya n'kulembamo kanthu.

Telala anaona zonsezo ndi ngodya ya diso. Eya! Kabuku kameneka anakaona mwezi wonse, akumayesa ndi ka miyezo ya makasitomala. Kani mwamunayu amawerengera zotsala m'dilowa kuti adziwe zoti atapepo!

Anafika wa nyuzipepala. Dilowa inalira, Mazipi analemba. Anatulukira msuweni wa telala, thukuta lili kamukamu, ndalama ya basi itamuperewera. Dilowa inalira, Mazipi analembanso, osachita n'komwe manyazi. Pofika masana telala anali ndi umboni wokwanira woti n'kupita nawo kukhoti.

Komabe mtima unkamupweteka, tisaname. Mazipi ndi amene anagwira shopu yekha miyezi iwiri pamene telala anathyoka mkono. Ndi amene anasoka diresi la ukwati la mwana wamkazi wa telalayo, osalandira kanthu. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Koma mzere uja unkamuyang'anabe papepala, wonenepa kuposa lendi. Telala anasenda nthochi, anailuma mwaukali, n'kutsimikiza mtima: lero lomwe, makina achiwiriwo akhala opanda mwini.

Mlamu atabwera, telala anadikira kuti makasitomala atuluke. Anatseka chitseko, anayala pepala pa tebulo lodulirapo nsalu, n'kulitsamiza ndi sizasi.

"Mlamu, sukulu yako sinapite pachabe," anatero mokweza, kuti mawu afike pa makina enawo. "Pepala lakoli landitsegula maso. Zolowa ndazimva, zotuluka ndazimva. Ndipo Zina ndi Zina ameneyu ndamudziwa. Ali m'chipinda muno."

Makina a Mazipi anasiya kulira.

"Mwamudziwadi, alamu?" anafunsa mtsikana uja, maso ali mwee ndi chimwemwe. "Ndiye mwandipeputsira ntchito. Ndimasowa poyambira."

"Ndamudziwa bwinobwino. Munthu wodya phindu la shopu ngati chiswe sangakhale muno. Kaya takhala naye zaka zingati, achoke lero lomwe."

Mtsikanayo anatambasula dzanja, ndipo Mazipi anamupatsa kabuku kaja.

"Ndine ndinawapempha a Mazipi kuti azilemba nthawi zonse dilowa ikatseguka popanda chokhudza ntchito," anatero akutsegula tsamba lomaliza. "Za lero zokha: nthochi phava limodzi, nyuzipepala, basi ya asuweni. Ndinachita manyazi kulemba dzina lanu papepala, alamu, ndiye ndinangoti zina ndi zina."

Telala anayang'ana khoko la nthochi limene linali likadali m'dzanja lake. Ndipo Mazipi, kwa nthawi yoyamba mwezi umenewo, anatsegula zipi ya pakamwa pake.

"Ndiye abwana, tikuthandizeni kulongedza?"