Mabatani a Sharifa

Chikwama cha Sharifa chinang'ambika sitima itangonyamuka pa siteshoni ya Selly Oak, kudziko la azungu kumene ankaphunzira.

Zonse zinakhuthukira pansi: kiyibodi ya kompyuta yosamaliza, mawaya ofiira ali lendelende, batire, ndi mabatani amene anawapanga yekha, lililonse lili ndi chilembo cha Chingerezi pamwamba, cha Chiarabu m'munsi. Inali pulojekiti yake ya ku yunivesite.

Bambo wina anayang'ana mawayawo, kenako hijabu ya Sharifa, n'kukokera mwana wake kumbuyo ngati waona bomba. Mayi wina anatulutsa foni pang'onopang'ono.

"Usatole msanga," ananong'oneza Mwaiwathu, mnzake wokhala naye nyumba imodzi. "Manja azioneka, wamva? Auze kuti ndi kiyibodi chabe."

Sharifa anayesa, koma Chingerezi chonse chinamuthawa. Batani limodzi linagubuduzika n'kukaima pa nsapato ya bambo uja, ndipo iye anabweza phazi ngati lagweredwa ndi khala la moto.

Apo m'pamene Sharifa anamva milomo yake ikuyenda yokha. Inkanena pemphero limene mayi ake anamuphunzitsa ku Mangochi, lonena munthu akagwidwa ndi mantha. M'Chiarabu.

Anadziluma mlomo kuti mawuwo asamveke, mpaka analawa magazi.