Msana wa Bambo Kuwabara Unatsala Theka

Panali munthu wina wa ku Akita, dzina lake Noboru Kuwabara, amene anakhala ku Brazil zaka khumi ndi zinayi osapondako kwawo. Wandiuza nkhaniyi ndi mnansi wawo, ndipo akuti ndi yoona. Mayi ake atamwalira iye ali konko, analembetsa dzina lawo paphewa ndi singano ndi inki, mphini zosafufutika zija. Bambo ake sanawauze, poti kwathu kuno ku Akita achikulire akaona mphini pathupi amangoti chigawenga.

Tsiku lina mlongo wake Sachie anamuimbira foni.

"Achimwene, bwerani. Adokotala akuti bambo chisanu chino sachimaliza. Akungopempha chinthu chimodzi: mupite nawo ku kasupe wa madzi otentha kuphiri kuja, mukawatsuke msana ngati kale."

Noboru anabwera. Asananyamuke ulendowo, Sachie anamukokera pambali.

"Auzeni bambo za paphewapo. Muimbenso foni akusungireni bafa la banja. M'bafa la anthu onse wamphini salowa, mukudziwa inu."

"Iwe, ndikapempha bafa la banja bambo afunsa chifukwa. Ndisiye, ndidziwa chochita."

M'sitima, bambo akuwodzera, Noboru anavula jekete, ndipo munthu wina amene anakhala pambali pake anaona inki ikusuzumira m'khosi mwa malaya.

"Aaa, kameneko basi?" anatero mlendoyo. "Matanipo pulasitala wofanana ndi khungu. Ine ndalowa mabafa makumi awiri, palibe anandigwirapo."

Kalanga ine, mawu a munthu wosamudziwa anamukomera kuposa a mlongo wake! Atatsika anagula pulasitalayo, nakamata paphewa paja ali m'chimbudzi.

Atafika, anavula, nakhala patimipando kuti asambe kaye asanalowe m'dziwe. Noboru anatenga kathaulo ndi sopo, nayamba mbali ya kumanja. Msanawo unali mafupa okhaokha.

"Pamenepo, pamenepo!" anatero bambowo. "Limbikira, iwe! Ku Brazil sakudyetsa kodi?"

Inaseka nkhalamba ija, kuseka kumene sinasekepo chimwalirire mkazi wake.

Koma nthunzi ndi sopo sizisunga chinsinsi. Pulasitala uja anamatuka, nagwera pansi. Mkulu wina m'dziwemo anayang'ana, natuluka kukanena. Posakhalitsa wantchito wa pamalopo analowa akuwerama.

"Pepani kwambiri, alendo athu. Lamulo la pano silikulolani."

"Chonde, ndingomaliza msanawu. Ndi bambo anga, akudwala."

"Pepani kwambiri," anaweramanso, osasuntha.

Noboru anatuluka anthu onse akumuyang'ana. Bambo aja anadzithira okha madzi, mbali ya kumanzere yosatsukidwa, ndipo m'dziwe lija sanaviikemo n'chala chomwe. Anabwerera kunyumba pa sitima. Masiku otsatira Noboru ankangowazemba, manyazi atamumanga pakamwa. Ankati alankhula nawo mawa.

Patatha masabata atatu, bambo Kuwabara anatisiya.

Pokonza maliro Sachie anati, "Achimwene, bambotu ankadziwa. Chithunzi chija munanditumizira muli kunyanja osavala malaya, ndinawaonetsa kalekale. Anavala magalasi, anawerenga dzina la amayi, analira. Anandiletsa kukuuzani. Ankati, 'Msiye, adzandiuza yekha.'"

Noboru anakhala pansi. Zinandimvetsa chisoni kwambiri pamenepa.

Itakwana nthawi yoti abale asambitse thupi, Noboru anapempha kuti awatembenuze pang'ono bambo ake. Anavula malaya, phewa lili poyera, nanyowetsa kathaulo m'madzi ofunda. Anatsuka mbali ya kumanzere ija pang'onopang'ono mpaka kumaliza. Koma panalibe wonena kuti, "Pamenepo, pamenepo."

Phunziro: Mverani m'bale amene akukudziwani, osati mlendo wa m'sitima. Ngati muli ndi mphini, funsani kaye musanapite kukasamba, ndipo chimene mukubisira kholo lanu liuzeni lidakali ndi makutu. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene makolo awo akadali moyo.