Hosea Aika Mowa Padzuwa

Panali munthu wina kudera la Msoro, dzina lake Hosea, mlimi wa thonje amene sankalola kuuzidwa zochita pakhomo pake. Amene anaona nkhaniyi akadali moyo, ndipo akuti inachitika motere.

Chaka chimenecho thonje linabereka kwambiri, koma ana ake onse anali atapita kutauni. Choncho anaitana dima: anthu adzamuthyolere thonje Loweruka, akaweruka amwe mowa. Mkazi wake, Rosemary, anafulula mowa wa mapira m'migolo iwiri. Tsoka ilo, unali mwezi wa Juni, ndipo kunazizira kuposa zaka zonse. Pofika Lachinayi mowa unali chete, wosawira, wotsekemera ngati thobwa.

"Atate ake Brenda, mowa wagona ndi chisanu," anatero Rosemary. "Ndaufunditsa masaka, uli pafupi ndi moto m'khitchini. Kupsa upsa, koma osati Loweruka. Tiwauze anthu abwere sabata yamawa."

"Sabata yamawa ndi dima la Jerome," anayankha Hosea. "Ine ndidye makombo a Jerome, munthu amene ndinamuphunzitsa kupopera thonje? Mowawu ukufuna dzuwa basi."

Anakokera migolo ija pabwalo, naiimika pafupi ndi nkhokwe ya chimanga pamene dzuwa limawomba tsiku lonse, navundukula masaka onse.

Masana anatulukira Maxwell, mlongo wake wa Rosemary, amene ndi sikauti woyang'anira nyama m'deralo.

"Mwaswera bwanji, alamu? Kodi dimali mwaitana anthu kapena njovu? Fungo ndalimvera kumjigo. Gulu la njovu lili mumtsinje wa Lupande kuyambira sabata yatha. Bwezerani mowawu m'nyumba, muutseke."

Hosea anaimirira.

"Alamu, munda ndilime pamene njovu zalola. Mango ndithyole osapsa poopa njovu. Tsopano mowa wanganso ndikaupemphere chilolezo kwa njovu? Inu mumadyera njovu, muziziopa ndinu. Bwalo ili ndi langa. Bambo anga anagona apo, ndipo sanagwadirepo nyama."

Mawu amenewa anali ndi choonadi chake, ndipo ambiri m'chigwa muno amawanena chamumtima. Koma njovu sinabwererepo panjira chifukwa choti munthu walankhula zoona.

Lachisanu masana mowa unayamba kuwira, thovu lili tuu. Hosea anaitana mkazi wake monyadira.

"Amake Brenda, bwerani mudzamve mmene ukuimbira! Ali kuti mlongo wanu wamantha uja?"

"Wadzuka, ndavomera," anatero Rosemary. "Tsono tiulowetse dzuwa lisanalowe."

"Tikaugwedeza ugonanso. Ukhala pomwepa mpaka mawa."

Dzuwa likupendeka, njovu zinatulukira kuseri kwa munda wa mbatata, yaikazi yaikulu ili patsogolo. Anthu anamenya zitini. Ena anayatsa ndowe zosakaniza ndi tsabola. Hosea anaima pakhomo ndi chikuni chamoto akukuwa, mpaka Rosemary anamukokera m'nyumba ndi lamba wa thalauza. Njovu zinagubuduza migolo, zinapsontha mowa pansi, ndipo zitamaliza zinatembenukira ku chimene chinali pafupi. Nkhokwe inaphwasulidwa ngati dengu lakale. Chimanga cha chaka chonse, china chinadyedwa, china chinapondedwa m'matope a mowa.

Loweruka m'mawa anthu a dima anafika ndi matumba awo. Anaima mozungulira bwalo, manja ali m'khosi.

"Pepani, a Hosea," anatero mmodzi. "Koma alendo anu adzulo aja bwanji osawapatsa mizere athyoleko? Kumwa amwa kale."

Ena anaseka, ena anamudzudzula wonenayo. Azimayi anathandiza Rosemary kutola chimanga chotsala, chimene sichinadzaze ngakhale ngolo ya ng'ombe. Kenaka anthu anabalalika mmodzimmodzi, pakuti aliyense anali ndi munda wake womudikira.

Rosemary sanakalipe. Anamanga katundu wake, nati:

"Chimanga chatsalachi sichingakwane pakamwa pawiri. Ndikupita kwa Brenda ku Chipata. Mvula ikagwa mudzandiuze."

"Pitani," anatero Hosea. "Ine sindichoka. Ndipo chaka chamawa ndidzafululanso pabwalo pomwepa."

Mkazi uja anakwera minibasi osacheuka. Hosea anatenga thumba, nalowa m'munda yekha. Akuti mpaka mwezi wa Ogasiti odutsa pamsewu ankamuonabe atawerama pakati pa mizere, thonje lambiri litagwera kale pansi ndi kuda ndi fumbi, iye akukana aliyense womupatsa dzanja.

Phunziro: Mowa wa m'chisanu supsa chifukwa choti mwini wake waitana anthu, umafuna kuufunditsa ndi kuudikira. Kusuntha tsiku kumachititsa manyazi sabata imodzi, koma kusowa nkhokwe kumaliza chaka chathunthu. Munthu akhoza kukhala wolondola pa mkwiyo wake, nalakwa pa zochita zake, ndipo ambiri timazindikira zimenezi tsitsi litayera, wotiuza uja atachoka kale. Musaisunge nkhaniyi mufoni mwanu mokha. Itumizeni kwa m'bale wanu wosamva uja nkhokwe yake ikadali chiimire.